Nsomba yosowa pothawira ndiyo imene simuiona

Munthu wagula kansomba kachikasu ngati nthochi yakupsa, walipira ndalama zosati zamasewera, wabwera nako kunyumba m'kathumba ka pulasitiki. Wakaika bwinobwino m'thanki yagalasi ya madzi amchere imene wakhala akuikonza kwa milungu ingapo. Kansomba kaja kangozungulira kamodzi, kenako mumchenga lowu, basi zii. Tsiku loyamba latha, lachiwiri latha. Pofika lachitatu mwiniwake mtima uli m'mwamba, akuunika ndi tochi kuseri kwa miyala, akugogoda galasi, ndipo dzanja layamba kumuyabwa kuti afukule mchengawo aone ngati kadakali moyo.

Pamenepa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ndikufuna tione bwino za kubisala kwa nsomba za m'nyanja yamchere zoweta m'nyumba, chifukwa khalidwe limodzi lomweli likhoza kutanthauza kuti zonse zili bwino, kapena kuti nsombayo yatsala ndi masiku awiri kuti ife. Kusiyanitsa ziwirizi ndiye luso la woweta. Ndinenenso msanga, poti kwathu mawu oti nyanja timatchulira zonse ziwiri: pano sindikunena za Nyanja ya Malawi, imene madzi ake ndi opanda mchere. Ndikunena za nsomba zochokera ku nyanja zikuluzikulu za Indian, Pacific ndi Caribbean, zokhala m'matanthwe a makorali, m'madzi okhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse.

Kumene zimachokera

Makorali ndi tinyama tating'onoting'ono tokhala pamodzi, timene timamanga zigoba zolimba za laimu. Pakapita zaka mazanamazana zigobazo zimasanduka matanthwe okhala ndi nthambi, mapanga, ming'alu ndi timabowo tosawerengeka. Pa zithunzi malowa amaoneka ngati munda wa maluwa, koma kwa kansomba kotalika ngati chala ndi malo oopsa kwambiri. Pamwamba pakudutsa nsomba zaliwiro zosaka zinzake, pansi pa thanthwe padikira nsomba yaikulu kukamwa yotchedwa grouper, ndipo usiku mikunga ya mtundu wa moray imatuluka n'kumanunkhiza mng'alu uliwonse. Tiana ta nsomba tikangofika kumene pa thanthwe kuchokera pakatikati pa nyanja, tambiri timadyedwa m'masiku oyambirira omwewo. Totsalato ndi timene tapeza bowo msanga.

Akatswiri awiri, Mark Hixon ndi Jim Beets, anayesa zimenezi ku Virgin Islands. Anamanga timatanthwe ta njerwa za simenti pansi pa nyanja, tina topanda mabowo, tina ta mabowo aang'ono, tina ta mabowo aakulu, n'kumawerenga nsomba zimene zinkabwera kudzakhala. Zotsatira zake, zimene anasindikiza mu 1993, zinaonetsa kuti nsomba sifuna bowo lililonse, imafuna bowo lolingana ndi thupi lake. Bowo lalikulu limaitana wodya anzake. Bowo lothina, loti iyo ilowe koma mdani alephere, ndilo nyumba. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa oweta ambiri amamanga phanga limodzi lalikulu lokongola pakati pa thanki n'kumadabwa kuti tinsomba tawo tikukanirira kuseri kwa pampu.

Palinso nkhani ya nthawi. Edmund Hobson, amene ankamira m'madzi a ku Hawaii kuonerera nsomba dzuwa likamalowa ndi likamatuluka, analemba mu 1972 za kusinthana kumene kumachitika madzulo alionse. Nsomba za masana zimatsika n'kulowa m'malo ake, zing'onozing'ono zikuyambirira. Kenako pamakhala kanthawi ka mphindi pafupifupi 20 pamene pamwamba pa thanthwe pamangoti zii, za masana zalowa, za usiku sizinatuluke. Kachisisira kameneka ndi pamene zilombo zosaka zimaona bwino kuposa zimene zikusakidwa. Mdima ukagwira ndi pamene zimatuluka nsomba zofiira zamaso aakulu, squirrelfish ndi soldierfish, pamodzi ndi mitundu yambiri ya cardinalfish. Mbandakucha zimabwerera, ndipo phanga limene usiku munagona ina, masana mugona ina.

Nsomba ikaikidwa m'thanki siiwala zonsezi. Siidziwa kuti m'chipinda chochezera mulibe grouper. Chithunzithunzi cha munthu wodutsa pafupi, dzanja lobwera kuchokera pamwamba, getsi loyaka mwadzidzidzi usiku, kwa iyo zonsezi ndi mdani. Amene anasambirako pa miyala ya ku Cape Maclear akudziwa mmene mbuna zimachitira: zimadya ndere pamwala zili phee, koma mukangotambasula dzanja zonse zili m'ming'alu, ndipo pakapita kamphindi zatulukanso. Zimalimba mtima kudya poyera chifukwa mng'alu uli pafupi. Nsomba za m'makorali n'chimodzimodzi. Yodziwa kuti pothawira pali pompano imatuluka n'kumasambira momasuka. Yosowa pothawira imapeza kangodya kamodzi n'kukakamira pomwepo tsiku lonse. Choncho munthu wochotsa miyala kuti aziona nsomba zake amapeza zosiyana ndi zimene amafuna.

Iliyonse ndi kabisalidwe kake

Musanade nkhawa, funso loyamba ndi lakuti nsombayo ndi ya mtundu wanji, chifukwa kwa mitundu ina kubisala ndiwo moyo wake wa tsiku ndi tsiku.

Kansomba kachikasu tayamba nako kaja kakhoza kukhala Halichoeres chrysus, ka m'banja la wrasse. Nsomba za mtundu wa Halichoeres, pamodzi ndi zamawangamawanga zotchedwa leopard wrasse, zimagona mumchenga. Dzuwa likamalowa zimadumphira pansi chamutu n'kudzikwirira, ndipo zikadzidzimuka masana zimachitanso chimodzimodzi. Yongofika kumene ikhoza kukhala pansi masiku angapo, nthawi zina kupitirira mlungu. Ina imatuluka pakati pa usiku n'kulowanso m'mawa, chifukwa thupi lake likadatsatira nthawi ya dzuwa la kumene inachokera, ndipo pang'onopang'ono imazolowera nthawi ya magetsi a m'thanki. Kuifukula ndi kuiphunzitsa kuti ngakhale mumchenga simodalirika. Chimene imafuna ndi mchenga wosalala wakuya masentimita 5 kapena kuposerapo. Miyala yokhakhala yophwanyaphwanya imaivulaza pakamwa ndi pakhungu, ndipo m'thanki yopanda mchenga imadzimenyetsa pagalasi la pansi pofuna kulowa.

Wrasse zina, monga za mtundu wa Cirrhilabrus, sizilowa mumchenga. Zimapeza mng'alu n'kudzikuta ndi kathumba ka zinthu zoterera ngati mamina zimene thupi lake limatulutsa. Parrotfish zambiri zimachitanso zimenezi. Kwa nthawi yaitali anthu ankati kathumbako kamangobisa fungo kuti mikunga isazipeze, koma Alexandra Grutter ndi anzake ku Australia anaonetsa kuti kamatchinganso tizilombo toyamwa magazi timene timaluma nsomba usiku. Ndi neti yogonamo, ndithu, yosokedwa mwatsopano usiku uliwonse. Mukapeza kansalu koyererako kakuyandama m'mawa, musaganize kuti nsomba yasupuka khungu.

Firefish, Nemateleotris magnifica, ndi kansomba koyera kumutu, kofiira kumchira, kokhala ndi chipsepse chachitali chapamsana chimene kamagwedeza kawirikawiri. Kamaima m'madzi pamwamba pang'ono pa una wake, mutu utaloza kumene madzi akuchokera, n'kumatola tizakudya todutsa. Kakangoona chachilendo, kasowa. Vuto lake ndi lakuti kakasowa kolowera kamathawira m'mwamba, n'kudumpha kunja kwa thanki. Firefish, wrasse ndi jawfish zaphedwa zambiri ndi kusowa kwa chivundikiro kuposa mmene anthu amaganizira. Nsomba ikasowa, musanasunthe mwala uliwonse, yang'anani pansi kuseri kwa kabati, ndiponso m'kabokosi kotulukira madzi opita ku fyuluta.

Jawfish ya mutu wachikasu ya ku Caribbean, Opistognathus aurifrons, ndi mmisiri womanga. Imakumba dzenje ndi pakamwa, n'kumalimbitsa m'mbali mwake ndi timiyala ndi tizigoba, ngati chitsime chomangira njerwa. Ikaopa imalowa chambuyo, mchira patsogolo, maso ali kunja. Madzulo imakoka kamwala kapena kachigoba n'kutseka pakhomo. Iyi imafuna mchenga wakuya, masentimita 10 kapena kuposa, wosakaniza ndi tizidutswa tomangira. Yaimuna ndiyo imafungatira mazira m'kamwa, ndiye ikayamba kukhala kwambiri m'dzenje osadya, masaya atatupa, n'kutheka kuti ikulera. Ife ozolowera chambo, kumene mayi ndiye amasunga ana m'kamwa, izi zimatidabwitsa pang'ono, koma m'nyanja yamchere ntchitoyi kawirikawiri ndi ya abambo. Banggai cardinalfish ya ku Indonesia imachitanso chimodzimodzi, ndipo tiana take tikatuluka m'kamwa mwa bambo timakabisala pakati pa minga italiitali ya sea urchin, kanyama kozungulira kokhala ngati kanungu.

Chimene ine chimandigwira mtima kwambiri ndi ubale wa goby ndi kanyama kotchedwa pistol shrimp. Shrimp imeneyi siona bwino, koma imadziwa kukumba. Goby, monga yachikasu ija yotchedwa Cryptocentrus cinctus, ili ndi maso akuthwa koma si yokumba kwenikweni. Ndiye zimakhala una umodzi. Shrimp ikamatuluka kukataya mchenga, kanyanga kake kamodzi kamakhala katagunda thupi la goby nthawi zonse. Goby ikaona choopsa imagwedeza mchira, shrimp n'kubwerera m'kati, iyo n'kutsatira pambuyo. Usiku khomo limatsekedwa. Woweta awiriwa akhoza kukhala masiku osawaona, kenako n'kupeza mulu wa mchenga mbali ina ya thanki, khomo latsopano litatsegulidwa. Chofunika kusamala n'chakuti miyala ikhale itakhazikika pagalasi la pansi, osati pamwamba pa mchenga, chifukwa okumbawa akhoza kuifukula kunsi n'kuigwetsera pa iwo eni.

Zina ndingozitchula mwachangu. Royal gramma, yapepo kutsogolo ndi yachikasu kumbuyo, imalozetsa mimba yake ku mwala umene uli pafupi, choncho pansi pa denga la phanga imasambira chagada, ndipo sikuti yadwala. Blue tang imadzipanikiza pakati pa miyala n'kugona cham'mbali ngati yafa. Triggerfish imalowa m'bowo n'kudzutsa munga wake woyamba wapamsana, wachiwiri n'kuukhoma ngati loko, moti simungaikoke osaivulaza. Comet, Calloplesiops altivelis, yakuda ya timadontho toyera, imalowetsa mutu m'mng'alu n'kusiya kumchira kunja, kumene kuli banga looneka ngati diso, ndipo wodutsa amaona ngati mutu wa mkunga wolusa. Clownfish, nsomba ya mizere yoyera, kunyanja sitalikirana ndi anemone wake, kanyama kooneka ngati duwa kokhala ndi timanja toluma. M'thanki mopanda anemone imasankha ngodya, pampu kapena korali wofewa n'kumakhala pomwepo, ndipo imakhala bwinobwino.

Ulendo umene yayenda

Nsomba zambiri zamchere zogulitsidwa m'masitolo sizinabadwire m'thanki. Zinagwidwa kunyanja, makamaka ku Indonesia ndi ku Philippines, ndipo msika wake waukulu ndi United States. Kuno ku Africa, Kenya imatumizanso kunja nsomba zoterezi kuchokera ku gombe la Mombasa. Kuyambira pa dzanja la msodzi, nsombayo imadutsa kwa wogula wa pagombe, kwa wotumiza kunja, m'ndege, kwa wogulitsa zambiri, kenako kusitolo. Isanakwere ndege imasalidwa chakudya kuti isadetse madzi a m'thumba, ndipo m'thumbamo ikhoza kukhalamo tsiku lathunthu kapena awiri, mu mdima bii. Ikafika kwa inu imakhala itasinthidwa madzi kangapo, yatopa, yaonda, ndipo mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda yatsika. Kubisala masiku atatu kapena mlungu pambuyo pa zonsezi si chinthu chodabwitsa.

Pali mbali ina yowawa ya nkhaniyi. Khalidwe lothawira m'makorali lomweli ndilo linabweretsa usodzi wa poizoni wa cyanide, umene unayamba ku Philippines cha m'ma 1960 n'kufalikira ku Indonesia. Nsomba ikalowa m'nthambi za korali n'kovuta kuigwira ndi ukonde, ndiye msodzi amafinyira poizoniyo m'bowo kuchokera m'botolo, nsomba n'kutuluka ili dzandidzandi. Korali wa pamalopo amafa, nsomba zina zimafera pomwepo, ndipo yopulumuka ikhoza kuoneka bwino m'sitolo koma n'kudzafa patapita milungu, itabisala, itakana kudya. Mayiko onse awiri analetsa mchitidwewu koma sunatheretu. N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa kugula nsomba zobadwira m'thanki pamene zilipo. Clownfish, dottyback, goby zingapo ndi Banggai cardinalfish zimaswetsedwa kale ndi alimi. Yellow tang inaswetsedwa bwino koyamba ku Oceanic Institute ku Hawaii mu 2015, ndipo blue tang inatsatira mu 2016 ku University of Florida. Nsomba yokulira m'thanki imadziwa kuti munthu akayandikira ndiye kuti chakudya chafika, ndipo sibisala nthawi yaitali.

Tsiku lofika, zimitsani magetsi a thanki ndipo musawayatse mpaka mawa lake. Musaitane anthu kudzaona. Ngati thumba layenda ulendo wautali, musachedwetse nsomba m'madzi akewo mutalitsegula. Chifukwa chake n'chakuti thumba likakhala lotseka, mpweya umene nsomba ikutulutsa umatsitsa pH ya madzi (muyeso umene umatsika asidi akachuluka m'madzimo), ndipo zimenezi zimafooketsa ululu wa amoniya, poizoni wochokera m'zonyansa za nsombayo, amene waunjikana. Mukangotsegula, mpweya uja umathawa, pH imakwera, amoniya uja n'kuyamba kuwotcha ziwalo zopumira.

Pamene kubisala kwasanduka ndende

Makolo anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. M'thanki zimenezi zimachitika zenizeni, kungoti si manyazi, ndi kuzunzidwa. Kunyanja nsomba yogonja pa ndewu imasamuka n'kupita mamita angapo, nkhani n'kutha. M'bokosi lagalasi lotalika mita imodzi mulibe kosamukira. Wopambana amaona mnzake uja tsiku lililonse m'dera lake, ndipo amamuthamangitsa tsiku lililonse.

Ozunza anzawo odziwika ndi damselfish, dottyback, sixline wrasse ikakula, clownfish yaikazi imene yakhazikika, makamaka ya mtundu wa maroon, ndi ma tang, amene ali ndi kampeni kakuthwa m'mbali zonse ziwiri pa tsinde la mchira. Chomvetsa chisoni n'chakuti damselfish ndizo zotsika mtengo komanso zolimba, ndiye woyamba kumene amagula zimenezo, zimatenga thanki yonse kukhala yawo, ndipo chilichonse chobwera pambuyo chimapeza eni mudzi atakonzeka. Nkhanza zimakula kwambiri pakati pa nsomba zofanana maonekedwe, mtundu kapena kadyedwe.

Nsomba yozunzidwa siibisala ngati mmene imabisalira ya mtendere. Ya mtendere imasuzumira pakhomo, maso akuyendayenda, chakudya chikagwa imatuluka liwiro, kutola, n'kubwerera. Yozunzidwa nthawi zambiri simuipeza m'miyala n'komwe, chifukwa miyala ili ndi eni ake. Mumaipeza m'ngodya ya pamwamba pafupi ndi mpweya, kuseri kwa pampu kapena kwa chotenthetsera madzi, mtundu utazilala, zipsepse zitang'ambika, mimba italowa m'kati. Ndipo mwina simudzaona ndewu ndi maso anu, chifukwa mukaima pafupi nsomba zonse zimayang'ana kwa inu kudikira chakudya. Khalani patali, phee, kwa theka la ola, kapena siyani foni ikujambula inu mutatuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mankhwala ake alipo angapo koma palibe otsimikizika. Kuika zofatsa poyamba, zaukali pomaliza, ndiye njira yabwino koposa, ndipo imafuna kuganiza musanagule. Yatsopano mukhoza kuiika masiku angapo m'kabokosi koonekera kopachika m'kati mwa thanki, kuti eni mudzi aione, aizolowere, ukali uphwe asanaikhudze. Ena amamata kalilole pagalasi kuti wovutitsayo azilimbana ndi chithunzi chake. Ena amasuntha miyala kuti malire akale asokonekere. Zikakanika, mmodzi achoke, ndipo ine ndimati achoke wozunzayo, chifukwa adzachitanso zomwezo kwa wotsatira. Amene anawetapo mbuna amadziwa njira yodzaza nsomba zambiri m'thanki kuti ukali ugawikane. Njira imeneyo musaitengere ku madzi amchere. Madzi amchere amasunga okosijeni wochepa poyerekeza ndi opanda mchere, ndipo nsomba za m'makorali sizipirira madzi akuda.

Nthawi zina woopseza sakhala nsomba. Miyala yochokera kunyanja, imene oweta amaitcha live rock, imabwera ndi alendo osaitanidwa: nkhanu zolusa, mantis shrimp yomenya ngati nyundo, ngakhale nyongolotsi zikuluzikulu. Mu 2009 ogwira ntchito pa Blue Reef Aquarium ku Newquay, ku England, atadabwa kwa miyezi ndi makorali odulidwa ndi nsomba zovulala, anaphwasula thanki n'kupezamo nyongolotsi yaitali kuposa mita imodzi. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, koma ngati tinsomba togona pansi tikusowa kamodzikamodzi, dzukani usiku muunike ndi tochi yofiira, imene nsomba zambiri sizidzidzimuka nayo kwenikweni.

Nsomba yakale ikayamba kubisala

Chimene chiyenera kukudzidzimutsani si nsomba yobisala, koma nsomba yosintha. Tang imene kwa chaka chathunthu yakhala ikukuchingamirani pagalasi, lero ili m'phanga ndipo sinabwere kudzadya: pamenepo musadikire.

Yambani ndi madzi. Amoniya ndi naitiraiti, zonse ziwiri poizoni kwa nsomba, ziyenera kukhala pa 0. M'thanki yatsopano mabakiteriya osandutsa amoniya kukhala naitiraiti, kenako naitireti, amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti akhazikike, ndipo kuthira nsomba zambiri nthawi imodzi kumawaposa mphamvu ngakhale m'thanki yakale. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 26, pH cha m'ma 8.1 mpaka 8.4, ndipo mchere usamasinthesinthe. Oweta makorali ambiri amausunga pa 1.025 kapena 1.026 pa chipangizo choyezera. Kumbukirani kuti madzi akamauma mchere sutsagana nawo, umatsala. Choncho pobwezeretsa madzi ouma mumathira opanda mchere, osefedwa bwino. Nsomba yamchere imamwa madzi nthawi zonse n'kumatulutsa mchere wopitirira kudzera m'ziwalo zopumira, ndiye mchere ukakwera mwadzidzidzi ntchito yake imakula pomwepo. Ngati nsomba zonse zabisala kapena zonse zikupuma mwawefuwefu, vuto lili m'madzi kapena mu mpweya, osati pa nsomba imodzi. Kwa okhala kumene magetsi amazimazima, ichi n'chachikulu: pampu ikaima maola angapo okosijeni amatha msanga, ndipo kampope ka mabatire kothira mpweya kakhoza kupulumutsa thanki yonse.

Madzi akakhala bwino, yang'anani kapumidwe ndi khungu. Matenda awiri ndiwo amavuta kwambiri. Oyamba amabwera ndi kachilombo ka Cryptocaryon irritans, ndipo amaoneka ngati timadontho toyera tonga mchere wowazidwa pathupi. Nsomba imadzikhula pamiyala. Pakapita masiku 3 mpaka 7 timadontho tija timasowa, mwini n'kuganiza kuti yachira, chonsecho kachilomboko kangogwera pansi kukaswana, ndipo kadzabwera kochuluka. Kugwako ndi kuswako kumachitika kwambiri usiku, pamene nsomba ili m'malo ake ogona, moti phanga lake lomwelo limasanduka gwero la matenda. Achiwiri, a Amyloodinium ocellatum, amene amatchedwa velvet, ndi oopsa kuposa. Amayambira m'ziwalo zopumira, pakhungu pasanaoneke kanthu. Nsomba imathawa kuwala, imabisala, imapuma mofulumira, kapena imakaima kutsogolo kwa pampu kumene madzi akuthamanga. Pamene kafumbi kotuwa kayamba kuoneka pathupi, nthawi imakhala itatsala pang'ono, ndipo matendawa akhoza kupululutsa thanki m'masiku ochepa. Clownfish zogwidwa kunyanja zimavutikanso ndi Brooklynella, imene imachititsa khungu kutulutsa zoterera zambiri zotuwa.

Mankhwala a kopa (mkuwa) amene amapha tizilombo ta matenda awiri oyambawo amaphanso makorali, nkhono ndi shrimp, ndipo amalowerera m'miyala. Choncho sathiridwa m'thanki yaikulu. Nsomba zimasamutsidwira m'thanki yapadera, ndipo yaikuluyo imasiyidwa yopanda nsomba kuti tizilombo tife ndi njala. Pa matenda a timadontho toyera oweta ambiri amadikira masiku 76. Ntchito yonseyi imapewedwa ndi chizolowezi chimodzi: nsomba iliyonse yatsopano iyambe yakhala payokha mwezi wathunthu kapena kuposa. M'thanki yapaderayo musaiwale pobisala. Tizidutswa ta mapaipi a pulasitiki a madzi, tosiyana kukula, timagwira ntchito bwino chifukwa sitimwa mankhwala, ndipo kwa wrasse yogona mumchenga ikani kambale ka mchenga pangodya. Nsomba yodwala yoikidwa m'galasi lopanda kanthu, getsi lili ngwee, imalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Kumanga mudzi woti zitulukemo

Pokonza miyala, ganizani monga nsomba, osati monga wojambula zithunzi. Mabowo akhale ambiri kuposa nsomba, osiyana kukula, ena okhala ndi khomo lolowera ndi lotulukira kuti wothamangitsidwa asatsekeredwe. Miyala isakhale khoma limodzi lotsamira galasi la kumbuyo. Milu iwiri kapena itatu yolekana imathandiza kuti oyandikana asamaonane nthawi zonse, chifukwa nsomba imene siikuona mdani wake imaleka kumuthamangitsa. Pakhale mithunzi pansi pa miyala yotulukira kunja, makamaka kwa royal gramma, comet ndi cardinalfish, poti magetsi a makorali ndi owala kwambiri. Magetsiwo aziyaka pang'onopang'ono ndi kuzima pang'onopang'ono, pa nthawi yofanana tsiku lililonse, kuti nsomba zipeze kachisisira kake kolowera m'malo ogona. Kuzimitsa kamodzi n'kamodzi kumazisiya pabwalo mu mdima, ndipo ndi nthawi imene zambiri zimadumpha. Thanki isakhale pakhomo podutsadutsa anthu kapena pafupi ndi sipika, pakuti nsomba zimamva kunjenjemera kwa madzi ndi mzere wa timabowo umene uli m'mbali mwa thupi. Ana auzidwe mwachikondi kuti galasi sagogoda.

Nsomba zimaonerananso. Kagulu ka tinsomba tosambira poyera, monga green chromis, kamauza zamantha kuti kunja kuli bata, monga mmene kunyanja tinsombati timayandama pamwamba pa korali wa nthambi n'kulowamo tonse pamodzi pakabwera choopsa. Komabe chromis nazonso zimatha kuphana zokhazokha m'thanki yaing'ono mpaka kutsala imodzi, ndiye si njira yongotengera.

Pa chakudya, musathamangitse nsomba yamantha ndi dzanja. Zimitsani pampu kwa mphindi zochepa, tengani kapaipi kapena sirinji yaitali, mufikitse tizakudya monga tishrimp tating'onoting'ono totchedwa mysis pafupi ndi khomo lake, kenako bwererani m'mbuyo mukhale pansi. Za usiku muzipatse magetsi atangozima. Chitani zimenezi nthawi yofanana, mutaima malo omwewo. Tsiku loyamba mwina chakudya chidzangodutsa. Tsiku lina mudzaona kamutu katuluka, katola, kalowanso. Mlungu wotsatira katuluka mpaka theka la thupi. Mtunda umene nsomba ikulolera kutalikirana ndi una wake ndiwo muyeso wabwino wa mmene ikumvera m'thankimo, ndipo ngati ukukula, ngakhale ndi sentimita imodzi pa mlungu, siyani miyala ndi mchenga mmene zilili.

Wrasse yachikasu ija, ngati mchenga uli wosalala, madzi ali bwino, chivundikiro chili pamalo ndipo pansi kuseri kwa kabati palibe kanthu, ili m'menemo. Tsiku lina m'mawa, magetsi atangoyamba kuwala, mchenga udzagwedezeka pangodya, kamphuno kadzatuluka, ndipo kadzayamba kuyendera mwala uliwonse kufunafuna tizilombo toti kadye.